Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: Utsi Sulembedwa M'buku la Kuchipatala

Olemekezeka a Nduna,

Mwana akamwalira ndi chibayo, adokotala amalemba chibayo. Gogo akagwa ndi sitiroko, amalemba sitiroko. Utsi umene anthuwa akhala akupuma moyo wawo wonse sulembedwa paliponse, choncho ngakhale pokonza bajeti ya unduna wanu suoneka ngati wakupha.

Akatswiri amautchula PM2.5. Ndi tizidutswa ta mwaye tochepa kwambiri moti tsitsi limodzi limatiposa kunenepa kangapo konse. Mphuno sizititchinga, timafika pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi, n'chifukwa chake timabweretsa matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo, osati chifuwa chokha. Bungwe la WHO likuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo oposa 237,000 anali ana osakwana zaka zisanu. Ku Delhi kapena ku Beijing amaloza mafakitale ndi magalimoto. Kwathu kuno mdaniyu ali pa mafuwa ndi pa mbaula ya makala, pomwe mayi amavundula nsima mwana ali kumbuyo.

Mwina muyankha kuti boma lakhala likulimbikitsa chitetezo mbaula. Zoonadi, ndipo imapulumutsa mitengo. Koma kumbukirani kafukufuku wa CAPS amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, pa ana oposa 10,000. Mabanja anapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi fani, zotulutsa utsi wochepa kuposa zadothi zathuzi. Zotsatira zitatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, ana opsa ndi moto anachepa koma chibayo sichinatsike. Ine sindidabwa. Mwana sapuma mpweya wa m'khitchini mwa amake mokha. Oyandikana nawo akuwotcha zinyalala, uvuni wa njerwa ukufuka kuseri, ndipo m'chilimwe anyamata akutentha tchire posaka mbewa mpaka mapiri osaoneka.

Nkhaniyi musaisiyire unduna woona za mphamvu kapena bungwe loteteza chilengedwe la MEPA lokha, pakuti odwala amabwera m'zipatala zanu. Mu 2021 WHO inatsitsa mlingo wovomerezeka wa pachaka wa PM2.5 mu mpweya kuchoka pa mamaikurogalamu 10 kufika pa 5. Tikufuna kudziwa kuti Ndirande, Mchesi ndi Chibavi ali pati pa mlingowu, ndipo manambalawo azilengezedwa pa wailesi monga mumachitira ndi kolera. Alangizi azaumoyo akamayeza ana kusikelo, azifunsanso kuti banja limaphikira chiyani komanso limaphikira m'nyumba kapena panja, n'kulemba m'buku la mwanayo. Zimenezi sizilira ndalama za maiko akunja.

Pomaliza, mukakhala pamsonkhano wa nduna, funsani anzanu kuti gasi ndi magetsi zidzatsika liti kufika poti mayi wogulitsa mandasi asiye makala.

Ine wanu,
Mzika yokhudzidwa