Mapiritsi Olera Sadapangidwire Kusintha Thupi la Munthu

Tsiku la sikelo ndi kulera, namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amagaŵa timapaketi ta mapiritsi kwa amayi amene ali pa mzere, ndipo amakhulupirira kuti piritsi lililonse likamezedwa ndi mayi amene dzina lake lalembedwa pa kadi. Nthaŵi zambiri zimaterodi. Koma m'maiko ambiri zadziŵika kuti ena mwa mapiritsi otere amakathera m'manja mwa anthu amene sadapimidwe konse, ndipo pakati pao pali gulu limene silitchulidwa pa maphunziro a zaumoyo a pansi pa mtengo. Aŵa ndi anthu amene adabadwa ndi thupi lachimuna, koma mumtima mwao amadzidziŵa kuti ndi akazi, ndipo amafuna kuti thupi lao lifanane ndi mmene akudzimvera. M'Chingerezi amaŵatchula kuti transgender women. Anthu otere amapezeka m'maiko onse, ndi Malaŵi yemwe.

Nkhani imeneyi ili ndi mabwalo ake ena. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi oweruza milandu ali ndi mau ao, ndipo m'banja limodzi lomwe anthu saganiza mofanana. Koma mwendo ukatupa usiku, wodwalayo amamukweza pa njinga kupita naye ku chipatala. Nchifukwa chake woŵerenga aliyense, kaya nkhaniyi imamukondweretsa kaya imamuŵaŵa, ayenera kudziŵa zimene mankhwala ameneŵa amachita m'thupi, popeza womeza mapiritsiwo ndi mwana wa munthu, ndipo amene adzamusenze tsiku limenelo ndi amayi ake kapena amalume ake.

Thupi la munthu lili ndi timadzi totchedwa mahomoni timene timayenda m'magazi ndi kulamula kakulidwe ka ziwalo. Homoni ya testosterone ndiyo imameretsa ndevu, kukulitsa mau ndi kulimbitsa minofu ya mnyamata. Homoni ya estrogen ndiyo imakulitsa maŵere a mtsikana ndi kukundika mafuta m'chiuno ndi m'ntchafu. Kumene kuli madokotala odziŵa ntchito imeneyi, monga pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, munthu wofuna kusintha thupi amapatsidwa mitundu iŵiri ya mankhwala: wina woonjezera estrogen, wina wotsitsa mphamvu ya testosterone. Asanayambe amamupima magazi, chiŵindi ndi impso, amamufunsa za fodya ndi za matenda a ku mtundu kwao, ndipo chaka choyamba amamuitana pafupifupi miyezi 3 iliyonse. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse mu 2019 lidachotsa mkhalidwe umenewu pa mndandanda wa matenda a misala, ndipo mu 2021 bungwe la madokotala a za HIV la kumwera kwa Africa lidatulutsa malangizo a kaperekedwe ka chithandizo chimenechi. Amene alibe dokotala wotere pafupi amangotola chimene chili pafupi, ndicho paketi ya mapiritsi olera.

Apa ndiye pagona ngozi yaikulu. Estrogen si wa mtundu umodzi. Amene madokotala amapereka masiku ano ndi estradiol, wofanana ndi wa m'thupi la mkazi. Koma wa m'mapiritsi olera ambiri, monga Microgynon, ndi ethinylestradiol, amene adapangidwa ndi akatswiri ku Berlin mu 1938. Ameneyu ndi wamphamvu kwambiri, amachedwa kutha m'thupi, ndipo akafika ku chiŵindi amachichititsa kupanga zinthu zambiri zoundanitsa magazi. Magazi akaundana mu mtsempha wa m'kati mwa mwendo, mbulu wake ungathe kuthothoka, kuyenda mpaka ku mapapo ndi kutseka njira. Munthu amene m'maŵa anali kulima angathe kumwalira dzuŵa lisanaloŵe.

Zimenezi zidaoneka poyera ku Amsterdam, kumene chipatala china chakhala chikusunga mbiri ya odwala ake kwa zaka zambiri. Mu 1989 madokotala a kumeneko adalemba za anthu 303 amene ankalandira mamaikirogalamu 100 a ethinylestradiol pa tsiku pamodzi ndi mankhwala otsitsa testosterone, ndipo adapeza kuti kuundana kwa magazi kunkachitika nthaŵi 45 kuposa mmene zimayembekezekera. Mu 2011, ataŵerenganso mbiri ya anthu 966, adapeza kuti amene ankamwabe ethinylestradiol anali pa chiopsezo choŵirikiza katatu cha kufa ndi matenda a mtima ndi mitsempha. Chifukwa cha zimenezi madokotala adaleka kupereka mankhwalawo pa ntchito yotere. Tsono piritsi limodzi la Microgynon lili ndi mamaikirogalamu 30. Mayi wolera amamwa limodzi pa tsiku. Munthu wofulumira kuona maŵere akamamwa atatu kapena anai pa tsiku, wafika kale pa muyeso womwe uja umene madokotala a ku Amsterdam adausiya ataona maliro.

Ndipo kufulumirako kulibe phindu. Maŵere amayamba kuonekera pakapita miyezi 3 mpaka 6, ndipo amatenga zaka 2 kapena 3 kuti afike pamene angathe kufika. Kuonjezera mapiritsi sikufupikitsa nthaŵi imeneyi, monganso kuthira matumba aŵiri a feteleza pa phando limodzi sikukhwimitsa chimanga mwezi wa Januwale. Mau amene adakula kale sabwerera, ndevu zimangochedwa kumera koma sizitha, mafupa a mapewa sasintha. Wogulitsa amene akulonjeza zosiyana ndi izi akufuna ndalama basi. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Fodya amaonjezera ngoziyo, kaya ndi wa m'sitolo kaya ndi chingambwe. Kunenepa kwambiri, zaka zopitirira 40, kuthamanga kwa magazi, ndi kukhala pamalo amodzi nthaŵi yaitali nazonso zimaonjezera. Ulendo wa pa basi wa ku Johannesburg, umene munthu amakhala atapinda miyendo kupitirira tsiku lathunthu, ndi nthaŵi yoopsa kwa aliyense womwa estrogen. Chimodzimodzinso opaleshoni kapena kugona pa bedi ndi mwendo wothyoka. Ngakhale estradiol wa kwa dokotala sachotseratu chiopsezo chimenechi. Amangochichepetsa, makamaka akakhala womata pa khungu m'malo mwa womeza.

Zizindikiro zake nzosavuta kuzikumbukira. Mwendo umodzi, osati yonse iŵiri, umatupa, kutentha ndi kuŵaŵa m'katumba kapena m'ntchafu. Munthu amayamba befu mwadzidzidzi, kumva kulasa m'chifuwa popuma, mwina kutsokomola magazi. Pakamwa pangathe kupotoka, mau kusokonekera, mkono kulefuka. Pamenepo sipofunika kuthoba mwendo, kuutikita kapena kutemera mphini, chifukwa kutikitako kungathe kuthothola mbulu uja. Sipofunikanso kudikira kuti kuche. Wodwala asiye mapiritsiwo ndipo atengedwe kupita ku chipatala nthaŵi yomweyo.

Mankhwala otsitsa testosterone nawonso ali ndi zao. Spironolactone adapangidwira kuchotsa madzi m'thupi ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi, kotero womwa amakodza pafupipafupi, amamva ludzu ndi chizungulire akadzuka msanga. M'nyengo yotentha ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kapena munthu akatsekula m'mimba, impso zimavutika. Choopsa koposa nchakuti mankhwalaŵa amasunga mchere wa potaziyamu m'magazi, ndipo mcherewu ukachuluka mtima umasokonekera kagundidwe kake popanda chenjezo. Apa pali chinthu chimene ngakhale ogwira ntchito zaumoyo amaiŵala: Bactrim, amene anthu ambiri okhala ndi HIV amamwa tsiku ndi tsiku, nayenso amakweza potaziyamu, monganso enalapril wa kuthamanga kwa magazi ndi bufeni wa ku golosale. Mankhwala aŵiri abwinobwino akakumana m'thupi limodzi popanda wodziŵa, angathe kupha. Mtundu wina wotchedwa cyproterone umavutitsa chiŵindi, umadzetsa kukhumudwa, ndipo mu 2020 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya lidachepetsa kagwiritsidwe ntchito kake litaona kuti womwa muyeso waukulu kwa zaka zambiri angathe kumera chotupa pa nembanemba yokuta ubongo. Ena amabaitsa jakisoni wolera wa Depo poganiza kuti ndi chimodzimodzi, koma mu jakisoni ameneyu mulibe estrogen. Thupi likasoŵa mahomoni onse aŵiri kwa nthaŵi yaitali, mafupa amafooka ndi kuthyoka msanga.

Palinso zina zimene sizipha koma munthu ayenera kuzidziŵa asanameze piritsi loyamba. Mbeu ya abambo imachepa kapena kutheratu, ndipo kwa ena siibwerera ngakhale atasiya mankhwala. Mnyamata wa zaka 19 angathe kunena kuti za ana alibe nazo ntchito, koma pa zaka 35 maganizo amasintha. Komabe mankhwalaŵa si njira yolera, ndipo sateteza ku HIV, chindoko kapena chinzonono. Chilakolako chogonana chimatsika, minofu imachepa mphamvu, thupi limanenepa, ndipo ena amamera timiyala m'ndulu. Maŵere akakula sabwerera. Akayamba kutulutsa mkaka, makamaka pamodzi ndi mutu wosatha ndi kusaona bwino, nkofunika kupimidwa. Za khansa ya m'maŵere, kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2019 pa anthu 2,260 adapeza kuti chiopsezo chao chinali chachikulu kuposa cha amuna koma chocheperapo kuposa cha akazi obadwa akazi. Chotupa cha m'bere, tsono, chipite ku chipatala monga cha mayi wina aliyense.

Kwa omwa ma ARV mau ndi aŵa: asadumphitse ngakhale tsiku limodzi poopa kuti ma ARV asokoneza mahomoni. Efavirenz wakale ankatsitsadi estrogen m'magazi, koma dolutegravir, amene Malaŵi adayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, satero. Rifampicin wa chifuwa chachikulu amatsitsa estrogen, ndipo munthu woona kuti thupi lake laleka kusintha amakopeka kuonjezera mapiritsi mwa yekha, kapena kusiya mankhwala a chifuwa. Njira zonse ziŵirizi nzoipa. Miyezi 6 ya mankhwala a chifuwa iyenera kumalizidwa.

Tsono funso lenileni nali: nchifukwa chiyani munthu amabisa paketi ya mapiritsi m'thumba pamene akufunsidwa kuti, "Kodi pali mankhwala ena amene mukumwa?" Amabisa chifukwa amaopa kusekedwa, amaopa kuti namwino aitana anzake kuti adzaone, amaopa kuti nkhaniyo ikafika pa chitsime iye asanafike kunyumba. Ndipo mantha ameneŵa sali opanda maziko. Taganizirani wodwala wa zaka 24 wofika ndi befu ndi kulasa m'chifuwa. Wa zachipatala amene sadauzidwe za mapiritsi adzaganiza chibayo, adzapereka mankhwala a chibayo, mwina adzatumiza makhololo kukapimidwa, pakuti kuundana kwa magazi kwa munthu wa msinkhu umenewu nkosoŵa. Akadauzidwa, akadayang'ana mwendo, akadaitanitsa galimoto ndi kumutumiza ku chipatala chachikulu cha m'boma kumene kuli heparin ndi warfarin. Kusiyana kwa njira ziŵirizi ndi chiganizo chimodzi chimene wodwala adaopa kunena.

Alipo amene adzati kulankhula zinthu zimenezi poyera nkulimbikitsa khalidwe. Mau omweŵa ankanenedwanso za makondomu m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo manda a nthaŵi imeneyo alipo m'mudzi uliwonse. Wogwira ntchito zaumoyo salemberedwa kuti avomereze moyo wa munthu aliyense amene wakhala pa benchi. Woledzera amamusoka bala, wosuta amamupima chifuwa, wovulala pa ndeu amamumanga bandeji osafunsa kuti adayambitsa ndani. Chimene walemberedwa ndicho kufunsa mwaulemu, kumva, kusunga chinsinsi ndi kuchiza. Namwino amene akalipira wodwala wotere sadzamuletsa kumwa mapiritsi. Adzangomuphunzitsa kuti ulendo wina asanene. Koma amene anena modekha kuti mapiritsi aŵa ndi oipa pa ntchito imeneyi, fodya asiyidwe, magazi ayezedwe, zizindikiro za ngozi ndi izi, ameneyo wachita ntchito yake, ngakhale mumtima mwake ali ndi maganizo ena. Chipatala chaching'ono sichingathe kuyeza mahomoni, koma chingathe kuyeza kuthamanga kwa magazi, kuyang'ana maso ngati muli chikasu, kupima HIV ndi kulemba kalata yotumizira wodwala kumene kuli labotale yoyeza impso ndi chiŵindi.

Amayi olandira mapiritsi olera nawonso ali ndi mbali yao. Paketi imene mayi wapatsidwa adaipatsidwa iye atafunsidwa mafunso ndi kuyezedwa. Akaipereka kwa mphwake kapena kuigulitsa kwa mnansi pomvera chisoni, wapereka mankhwala amene madokotala adaŵakana pa ntchito imeneyo zaka zambiri zapitazo, ndipo iye mwini watsala pa chiopsezo cha mimba yosakonzekera.

Kwa achibale amene apeza timapaketi pansi pa mphasa ya mwana wao, nkhani ya pabanja idzakambidwa pa nthaŵi yake, ndi ankhoswe ake. Koma tsiku limene mwendo watupa kapena mpweya wavuta, timapaketito titengedwe pamodzi ndi buku la kuchipatala, ngakhale totha kale, ndipo tiperekedwe m'manja mwa wa zachipatala asanayambe kulemba. Dzina losindikizidwa pa paketipo ndi chiŵerengero cha mapiritsi amene wodwala amamwa pa tsiku ndizo zidzamuuze ngati ayambe ndi mankhwala a chibayo kapena aitanitse ambulansi.