Mukapita ku Stellenbosch, funsani amene anathyola mphesazo

Tchuthi chikangofika, masamba a Instagram ndi Facebook a anzathu amene akuphunzira kapena kugwira ntchito ku Cape Town amadzaza ndi chithunzi chimodzimodzi. Munthu wavala chipewa chachikulu, wagwira tambula ya vinyo, kumbuyo kwake mizere ya mphesa yawongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe, ndipo patali pali phiri. Pansi pake alembapo kuti Stellenbosch, Franschhoek kapena Paarl. Enafe timangoyamikira, n'kumalakalaka kuti tsiku lathu lifike.

Malowo ndi okongoladi, ndipo ine sindikuletsa munthu kupitako. Chimene chikundinyansa ndi mtundu wa ulendo umene alendo amagulitsidwa kumeneko. Unakonzedwa mwanzeru kuti uone chilichonse: migolo ya vinyo, nyumba zoyera za Adatchi, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa misewu. Munthu amene anathyola mphesa yekha ndiye sumuona. Ndinene mosapsatira kuti wophunzira wa ku Malawi, wochokera m'dziko limene linadziwa thangata, alibe podzikhululukira akagula ulendo wotere n'kubwerako ndi zithunzi zokhazokha.

Wotsogolera alendo amakuuzani zaka bwinobwino. Mu 1659 Jan van Riebeeck analemba kuti vinyo woyamba wafinyidwa ku Cape. Mu 1679 Simon van der Stel anayambitsa tauni ya Stellenbosch. Mu 1688 kunafika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo kwawo, otchedwa ma Huguenot, ndipo dzina loti Franschhoek limatanthauza ngodya ya Afalansa. Zonsezi n'zoona. Koma malo amene anthuwa anapatsidwa anali odyetserako ziweto a Akhoikhoi, ndipo manja amene anakumba, kudzala ndi kuponda mphesa anali a akapolo ochokera ku Madagascar, India, Indonesia ndi gombe la Mozambique. Mu Disembala 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José, chimene chinanyamuka ku chilumba cha Mozambique ndi anthu oposa 400 omangidwa, chinasweka pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa komweko. Akapolo a mbali imeneyi ankatchedwa Mozbiekers, ndipo zina mwa njira zimene zinkatsikira ku gombelo zinkayambira kufupi ndi nyanja yathu. Nkhani ya minda ya mphesa ya ku Cape si yachilendo kwa ife monga mmene chithunzi chimaonetsera.

Ukapolo unathetsedwa mu 1834, koma omasulidwawo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Atamasuka analibe munda ngakhale wa ndime imodzi, choncho ambiri anatsalira pa mafamu omwewo. Eni mafamu anali ndi chingwe china chowamangira: kulipira gawo la malipiro ndi vinyo wotchipa, kangapo pa tsiku, mchitidwe umene umatchedwa dop. Lamulo linauletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma pa mafamu ena unapitirira mpaka m'ma 1990. Munthu amene wamwetsedwa tsiku ndi tsiku kuyambira ali mnyamata sachoka pa famu, sasunga ndalama, ndiponso sachita makani ndi bwana. Zotsatira zake zikuoneka mpaka lero. Akafukufuku a zaumoyo anapeza kuti madera a vinyo a ku Western Cape ali m'gulu la malo amene ali ndi ana ambiri pa dziko lonse obadwa ndi vuto la ubongo chifukwa cha mowa umene mayi ankamwa ali ndi pakati. Mukamalawa vinyo wachitatu uku akukufotokozerani za fungo lake, palibe amene adzakutchulirani zimenezi.

Wina anena kuti izi ndi zamakedzana, tsankho linatha mu 1994. Chabwino, tiyeni ku De Doorns, katauni ka m'chigwa cha Hex River, pa msewu wa N1, kumene amalima mphesa zodya zimene zimakagulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya. Mu Novembala 2012 ogwira ntchito m'mafamu a kumeneko ananyanyala, natseka msewu, ndipo minda ina inatenthedwa. Malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma panthawiyo anali R69 pa tsiku. Iwo ankafuna R150. Kunyanyalako kunafalikira ku Ceres, Wolseley, Robertson ndi matauni ena, anthu atatu anafa, ndipo boma linakweza malipirowo kufika pa R105 kuyambira mu Malichi 2013. Chaka chimodzi zisanachitike zimenezi, bungwe la Human Rights Watch linali litatulutsa kale lipoti lofotokoza za nyumba zosayenera kukhalamo munthu, antchito opopera mankhwala opanda zodzitetezera, ndi mabanja othamangitsidwa pa mafamu. Mu 2016 antchito a ku Robertson Winery ananyanyala masabata 14. Wogwira ntchito pa famu anayamba kulandira malipiro ochepetsetsa ofanana ndi a antchito ena m'dzikomo mu 2021, dzana lomweli.

Malipiro atakwera, mafamu ambiri anachepetsa antchito okhazikika n'kumalemba aganyu a nyengo yokolola kudzera mwa makontirakita. Waganyu safuna nyumba pa famu, safuna penshoni, ndipo nyengo ikatha amangouzidwa kuti tionana chaka chamawa. Lamulo la mu 1997 loteteza anthu okhala pa mafamu lilipo, koma mabanja akuchotsedwabe. Amapita kuti? Ku Langrug, kumtunda kwa Franschhoek, kumene zisakasa za malata zaunjikana m'mbali mwa phiri. Ku Kayamandi, moyang'anizana ndi Stellenbosch. Ku Mbekweni, pafupi ndi Paarl. Ku Stofland, ku De Doorns. Kasitima ka alendo kamene kamazungulira mafamu a ku Franschhoek sikaima ku Langrug.

Ndipo m'mizere ya mphesa imeneyo muli anthu obwera: Azimbabwe, Abasotho, ndi Amalawi anzathu amene anakwera basi ya ku Joni n'kupitirira mpaka ku Cape. Ganyu akachepa, osauka amatembenukirana okhaokha. Mu Novembala 2009 Azimbabwe zikwi anathamangitsidwa m'nyumba zawo ku De Doorns n'kukakhala pa bwalo la masewera miyezi yambiri. Mu Malichi 2022 Abasotho ndi Azimbabwe anamenyana ku Robertson, nkhani yake yomweyi ya ntchito za m'mafamu. Tsono taganizani: inu muli pa khonde mukukweza tambula, ndipo mwina amene akutchetcha kapinga kumbuyo kwanu ndi mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba. Mumamupatsa moni m'chinenero chathu, kapena mumayang'ana kumbali kuti anzanu a m'kalasi asadziwe kuti ndinu amodzi?

Ndamvapo mayankho awiri. Loyamba ndi lakuti tchuthi ndi tchuthi, ndalama ndi zanga, sindinapite kukachita kafukufuku. Ndikumva. Komatu ndife anthu omwewo amene timalemba maesee a masamba khumi onena za utsamunda ndi kulandidwa kwa malo, n'kumakhoza bwino. Maphunziro amene amagwira ntchito m'chipinda cha mayeso mokha, n'kuzima tikangoona tebulo loyalidwa nsalu yoyera, ndi maphunziro a satifiketi basi. Akulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mlendo amaona zimene eni mudzi anazolowera. Ife kalumo kathu tikukasiya m'chikwama.

Yankho lachiwiri ndi la anzathu aukali, amene amati tisapiteko n'komwe ndipo tisamwe vinyo wa kumeneko. Izinso sindikugwirizana nazo. Alendo akasiya kubwera, woyamba kuchotsedwa ntchito ndi woperekera zakudya ndi waganyu, mwini famu amatsala ndi malo ake. Komanso kudzipatula kotereku n'kodzinamiza, chifukwa juwisi wa Ceres ndi maapozi a ku South Africa ali kale m'masitolo a ku Lilongwe ndi Blantyre. Tili kale m'nkhaniyi. Chatsala n'kusankha kukhalamo ngati anthu odziwa kapena ngati ana ongotsegula pakamwa.

Kuyenda modziwa sikufuna ndalama zowonjezera. Pakati pa Stellenbosch ndi Franschhoek pali Pniel, mudzi wa mishoni umene unakhazikitsidwa mu 1843 kuti akapolo omasulidwa akhale ndi pokhala pawo. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero, ndipo pali nyumba yosungiramo mbiri yawo. Imani pamenepo musanafike pa famu iliyonse. Pakati pa Paarl ndi Franschhoek pali ndende imene kale inkatchedwa Victor Verster, kumene Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, atazunguliridwa ndi minda ya mphesa yomweyi. Mukafika polawa vinyo, funsani mafunso amene sali pa pepala la mitengo: antchito anu okhazikika ndi angati, aganyu ndi angati, amagona kuti, ali ndi bungwe lowaimira? Safunsa anadya phula. Wokuyankhani mwina achita manyazi, koma funso limene labwera kakhumi pa sabata limafika kwa bwana. Ngati mukugula botolo, funani la anthu akuda amene akudzipangira okha, monga Aslina ya Ntsiki Biyela, mayi wa ku KwaZulu-Natal amene anaphunzira ukatswiri wa vinyo ku Stellenbosch komweko n'kukhala mkazi wakuda woyamba pa ntchitoyi m'dzikomo. Werengani zimene bungwe la Women on Farms Project, limene lili ku Stellenbosch, lakhala likunena pa za mankhwala oopsa amene Ulaya analetsa kwawo koma akupoperedwabe m'minda imene amayi amagwiramo ntchito.

Ndipo tisaiwale kuti khalidwe limeneli tili nalo kwathu komwe. Timakwera minibasi kupita ku Thyolo ndi ku Mulanje, n'kukajambulitsa titaima pakati pa tiyi wobiriwira, Sapitwa ali kumbuyo. Mayi wonyamula dengu kumsana timamupempha kuti asunthe pang'ono asaononge chithunzi. Minda imeneyo ili m'dera limene makolo athu ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo, thangata limene linali chimodzi mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Timamukumbukira chaka ndi chaka pa 15 Januwale, nkhope yake ili pa ndalama zathu, koma sitidziwa kuti wothyola tiyi amalandira zingati pa kilogalamu. Amene sangafunse funso limeneli ku Thyolo sadzalifunsanso ku Franschhoek.

Pitani, anzanga. Mukaone mapiri, mukadye mapichesi othyola kumene, mukalawe vinyoyo. Koma pa zithunzi khumi zimene mudzatitumizire, chimodzi chikhale cha ku Pniel kapena ku Langrug, chojambulidwa mutapempha chilolezo, ndipo pansi pake mutiuze zimene munthuyo anakuuzani za malipiro ake.