Nyumba ya lendi ikatenthedwa pa zipolowe, alipira ndani?

Mlimi wa ku Fonte Boa akakolola kachewere wambiri zaka ziwiri zitatu zotsatana, ganizo loyamba limakhala njinga yamoto, lachiwiri malata. Wina woona patali amapeza malo ku Ulongwe kapena ku Tete nkumanga kanyumba ka lendi, kapenanso kashopu kobwereketsa, kuti mwezi ukatha pazibwera kangachepe ngakhale chaka chimene feteleza wakwera mtengo. Nzeru imeneyi njabwino. Koma pali funso limene eni nyumba ambiri sadzifunsa mpaka tsiku limene utsi wafuka: anthu olusa akathyola ndi kutentha nyumbayo, ndani adzaimangenso?

Funsoli si longopeka. Chitachitika chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, dziko la Mozambique lidagwedezeka kwa miyezi ingapo. Zinthu zidafika poipa pa 23 Disembala pamene a Conselho Constitucional adatsimikiza kuti a Daniel Chapo ndiwo adapambana. Masitolo adathyoledwa ndipo nyumba zina zidatenthedwa ku Maputo, ku Matola, ku Nampula ndi m'matauni ena, kotero kuti anthu ambiri a ku Zambézia adathawira ku Nsanje. Sikadali koyamba. Mu Febuluwale 2008 ku Maputo kudabuka zipolowe kaamba ka mtengo wa chapa, mu Seputembala 2010 kaamba ka mtengo wa buledi. Kutsidya nako, pa 20 Julaye 2011, masitolo adaphwasulidwa ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ena amati iwo alibe nkhawa popeza adadula seguro, imene anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amati inshuwalansi. Apa mpamene ambiri amapunthwa. Seguro wamba wa nyumba ndi wa moto wangozi: kandulo yagwa, waya wa magetsi wathetheka, mphezi yaomba. Moto woyatsidwa dala ndi gulu la anthu pa zipolowe kawirikawiri suwerengedwa pamenepo. Chitetezo chimenecho amachigulitsa padera, ndipo pa pepala chimalembedwa m'Chipwitikizi kuti "greves, tumultos e alterações da ordem pública". Mawu amenewa akasowa pa pepala la mwini nyumba, kapena akapezeka m'ndime ya zinthu zimene kampani siilipira, ndiye kuti wangotaya ndalama zake kwa amene adzamupepese pakamwa pokha. Kuba kwa pa nthawi ya chisokonezo nakonso nkofunsa pakokha, chifukwa mapangano ena amalipira zitseko zothyoka koma amakana zimene zanyamulidwa.

Palinso mpanda wina umene seguro wamba saulumpha, ndiwo nkhondo ndi kuukira boma. Akuluakulu a ku Angónia ndi Tsangano amene adathawira ku Malawi m'zaka za m'ma 1980, nkubwerako mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, akudziwa mabwinja amene adawapeza. Kuonongeka kwa mtundu umenewo makampani amakuchotseratu m'mapangano awo. Tsono mkangano umabuka pakati penipeni: zionetsero za ndale zikasanduka zipolowe, kodi zimenezo nchisokonezo wamba kapena nkuukira boma? Yankho lagona pa mawu a pa pepala. Nchifukwa chake mwini nyumba ayenera kufunsa asanalipire kuti, "Nanga zikadzayamba kaamba ka chisankho?" ndipo yankholo alilandire lolembedwa. Safunsa adadya phula.

Amene adakhalako ku Joni amadziwa kuti kumeneko adakonza mwina. Zitachitika za ku Soweto mu 1976, makampani adaopa kulipira zoonongeka pa zipolowe, ndipo mu 1979 kudakhazikitsidwa Sasria, bungwe limene ntchito yake ndi imeneyi basi. Pa zipolowe za mu Julaye 2021 ku KwaZulu-Natal ndi ku Gauteng, madandaulo opita ku Sasria adapitirira marandi 30 biliyoni, mpaka boma lidachita kuthirapo ndalama. Zimenezi zikusonyeza kukula kwa ngozi imene makampani amaithawa, ndi chifukwa chimene saiperekera ulere.

Zina zitatu nzofunika kuzidziwa. Choyamba, seguro wa mwini nyumba ndi wa makoma, denga, zitseko ndi mawindo. Matumba a shuga, njinga kapena wailesi ya munthu wa lendi sizilowa pamenepo pokhapokha iye atadula wake. Chachiwiri, nyumba ikapsa lendi imaima, ndipo ndalama za miyezi imeneyo zimabwezedwa pokhapokha pa pepala patalembedwa "perda de rendas". Chachitatu, kuchepetsa mtengo wa nyumba pofuna kulipira pang'ono nkudzidula mwendo. Mwachitsanzo, nyumba yofunika meticais 1,000,000 kuti imangidwenso, mwiniwake akailembetsa pa 500,000, ndiye kuti wateteza theka lokha. Pakaonongeka za 200,000, kampani idzapereka 100,000, nkuchotsaponso gawo lija amati franquia, limene mwini nyumba amasenza yekha.

Tsoka likagwa, choyamba ndi moyo. Palibe malata oyenera kuwafera polimbana ndi gulu lolusa. Kukacha, mwini nyumba akanene kupolisi ndi kutengako chikalata, ajambule zonse ndi foni, ndipo adziwitse kampani msanga poti pepala limatchula masiku owerengeka ochitira zimenezi. Asayambe kukonza woyesa wa kampani asanafike. Malisiti a simenti ndi malata, mapepala a DUAT ndi zithunzi za nyumba isanaonongeke azisunge kumudzi, osati m'nyumba ya lendiyo, kuopa kuti zingapsere limodzi. Kampani ikamazemba, pali likulu loyang'anira makampani a seguro m'dziko muno, ndipo nkoyeneranso kutsimikiza kuti wogulitsa seguroyo ngololedwa, kaya ndi wa EMOSE imene idakhazikitsidwa mu 1977 kapena wa makampani ena amene adabwera pambuyo.

Nanga amene sangakwanitse seguro, amene ndiwo ambiri? Iwo asalephere chinthu chimodzi chosafuna ndalama: kukhala pansi ndi wa lendi, pamaso pa mfumu kapena mlembi wa bairro, nkulemba kuti zikadzavuta wina asenza chiyani, wina chiyani, ndipo lendi iima liti. Wa lendi amene wathawa usiku ndi ana ake sindiye adatentha nyumba, ndipo kumulipiritsa makoma nkuonjezera mlandu pa maliro. Zoterezi nzokambirana kunja kuli bata, kachewere akadali m'munda.