MLANDU WA NYUMBA UWERUZIDWE KUNO KU MCHINJI

Abale ndi alongo a m'nthambi zonse, kuyambira kwa Mkanda kufikira kwa Mlonyeni, tamverani.

Bwana wa m'tauni akamanga nyumba ndi ngongole ya banki, nyumbayo ikhala ndi inshuwalansi, ndipo ikapsa kampani ilipira. Zathu za kumudzi ziribe zimenezo. Msewu wa Boma ukalasa pakhomo, nyumba nigwetsedwa, chipepeso nichepa, kothawira kwathu ndi ku bwalo la mirandu basi. Gawo 44 la Malamulo Aakulu a 1994 linena kuti Boma lisalande chuma cha munthu losamdziwitsa ndi kumlipira moyenera, ndi kuti mwini chuma ali nao ufulu wokadandaula ku bwalo. Mau okoma ndithu. Koma bwalo lake liti?

Pa boma pathu pano pali majisitireti. Tsono lamulo linamuikira malire a ndalama zimene angaweruze, ndipo kwa zaka zambiri malirewo anali K2 miliyoni kwa majisitireti wamkulu. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nitsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Malire olembedwa m'buku sathamanga monga uthamangira mtengo wa simenti ndi malata. Mlandu ukapyola malire ndiye kuti ngwa High Court, ndipo High Court yapafupi iri ku Lilongwe, makilomita oposa 100. Wa ku Mkanda aonjezepo ulendo wake wofikira pa boma. Agulitse mtedza wake, akwere basi, akagone kwa abale, m'mawa namva kuti mlandu waimitsidwa kufikira mwezi wina. Abwerere katatu, chipepeso chatha chisanalandiridwe.

Sizinathe. Munthu wofuna kusumira Boma ayenera kuyamba walembera Attorney General kalata, nadikira miyezi 3 mlandu usanalowe m'bwalo. Miyezi itatu ndiyo dzinja lathunthu kwa mai wamasiye amene agona m'chisakasa ndi ana.

Tsono titembenuze. Boma la a Peter Mutharika litalowa mu 2014 linayamba kupereka malata ndi simenti, gawo lina thandizo, gawo lina ngongole. Ngongole ndi ngongole, sitikana. Koma Boma likafuna zake kwa mlimi, kodi lamulo lija lilidikiritsa miyezi 3? Iai. Maloya ake ali pa malipiro a mwezi ndi mwezi, galimoto iripo, mafuta ngochokera m'misonkho yathu yomwe. Ife tilipira loya wotitsutsa, ndi kulipiranso wathu ngati tampeza.

Ena ati tibwezere mabwalo a makolo. Ife sitiiwala bwalo limene linaweruza Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera kuti aphedwe mu 1983, loya woimirira atakanizidwa. Zotere sitizifuna. Tifuna woweruza wophunzira malamulo, koma akhale pafupi ndi anthu.

Oweruza a High Court amayenda m'maboma kukazenga mirandu yakupha. Ngati atha kudzera munthu wophedwa, alekeranji kudzera nyumba yogwetsedwa? Adze pa Mchinji nthawi zoikika, ndipo Nyumba ya Malamulo iziona malire a majisitireti nthawi iriyonse Kwacha ikagwa.

Alembi a nthambi, lembani maina a onse amene ali ndi dandaulo la chipepeso cha nyumba, mudzi wao, ndi chaka chimene nyumba inagwa. Mudze nao pa msonkhano ulinkudzawu, kuti tikawatule kwa aphungu athu.