Musanadzole, tembenuzani botolo

Ndimaphunzitsa fizikisi, ndiye ndikaona ena mwa inu akudzola mafuta oyeretsa khungu, ndimaganiza za dzuwa. M'kuwala kwake muli cheza cha UV chimene sitichiona, koma chimawononga maselo a khungu. Melanin, amene amachititsa khungu lathu kukhala lakuda, amayamwa chezacho. Ndiye chishango chathu. Hydroquinone, yemwe amapezeka m'mafuta ambiri oyeretsa, amaletsa khungu kupanga melanin. Mafuta ena amakhalanso ndi mercury, amene amawononga impso.

Ngati vuto ndi kutuwa chabe, glycerine amakokera madzi pakhungu, pomwe petroleum jelly amawatsekera kuti asathawe. Zimenezi n'zokwanira, komanso n'zotchipa.

Musanagule, werengani kumbuyo kwa botolo. Ngati sanalembe zimene asakanizamo, lisiyeni pashelefu pomwepo.