ZA PAKHOMO PATHU: Kodi galasi la pabwalo lingayatse moto?



Masiku ano makomo athu akusintha maonekedwe. Wachibale akamabwera kuchokera ku Joni sangonyamula bulangete ndi wailesi zokha ayi, amabweretsanso zokongoletsa: magalasi opachika pampanda pakati pa maluwa, timipira tagalasi tonyezimira ndi timabotolo tothiramo madzi n'kuikamo duwa. Enanso timamangirira zidutswa za kalilole pansungwi m'dimba kapena m'munda wa mpunga kuti mbalame zizithawa. Tsono funso ndi ili: kodi galasi lotere likakhala padzuwa tsiku lonse lingayatse moto? Yankho lagona pa zinthu ziwiri, kapangidwe ka galasilo ndi chimene chaunjikidwa pafupi nalo.

Kuti tione kulemera kwa funsoli, tiyeni tichoke kaye kunyanja tikwere kumapiri. Amene mudakwerapo msewu wa Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti mukudziwa kuti ku Dedza ndi dziko lina, lozizira ndi lamphepo. Mukapitirira tauni ya Dedza kulowera ku Lilongwe mumafika m'dera la nkhalango ya boma ya Chongoni. M'menemo muli mitengo yachilengedwe, minda ya paini ndiponso sukulu ya Malawi College of Forestry and Wildlife, kumene amaphunzitsa anthu osamala nkhalango. M'mapanga ndi pamatanthwe a m'derali muli malo 127 a zojambula zamakedzana, monga ku Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zofiira adajambula Akafula, zoyera adajambula Achewa, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidalemba malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, dera lonseli limakhala ngati nkhuni zoyalidwa kale pamafuwa. Udzu umauma gwaa, ndipo pansi pa paini pamadzaza masamba ouma okhala ndi utomoni, osachedwa kuyaka. Mtengo wa paini umafuna zaka zoposa 20 kuti ufike pochekedwa matabwa, koma moto umautha masana amodzi. Utsi ndi kutentha zimawononganso zojambula za pamiyala, zimene palibe munthu angazibwezeretse. Ife a kunyanja tisayese kuti nkhaniyi ili kutali nafe. Phiri likapsa n'kutsala lambee, mvula imakokolola dothi, ndipo mtsinje wa Linthipe, umene umatenga madzi kumapiri a Dedza, umakathira matopewo m'nyanja cha ku Salima, n'kukwirira malo amene nsomba zimaswerana. Komanso midzi yozungulira Chongoni ili ngati yathu yomwe: madenga audzu, mipanda yaudzu ndi nkhokwe moyandikana. Chimene chingayatse moto kumeneko chingauyatsenso ku Chipoka, ku Makanjira kapena ku Nkhotakota.

Tiyambe ndi galasi wamba lathyathyathya, limene timadziyang'anira m'mawa. Dzuwa likakhala paliwombo ndipo kumwamba kulibe mitambo, pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pamagwa mphamvu ya mawati pafupifupi 1,000, yofanana ndi ya simbi yamagetsi. Komatu mphamvuyi ndi yomwazika pamalo ponsepo, n'chifukwa chake udzu sungoyaka wokha m'munda. Galasi lathyathyathya limangobweza kuwala monga kudabwerera, osakusonkhanitsa. Likaunikira pamalo pamene pali kale dzuwa, kutentha kumafika kawiri basi. Kumeneko kungafotetse maluwa, kufewetsa pulasitiki kapena kuthobwa munthu m'maso, koma sikungafike pa madigiri oposa 200 amene pepala kapena udzu wouma zimafuna kuti ziyake.

Nkhani imasintha galasi likakhala lolowa m'kati ngati mbale. Galasi lotere limatenga kuwala konse kumene kwagwera pa ilo n'kukusonkhanitsa pa kadontho kamodzi. Tiyerekeze ndi galasi lozungulira la masentimita 20 m'mimba mwake. Likasonkhanitsa dzuwa pa kadontho ka sentimita imodzi, kutentha kwa pamenepo kumachuluka pafupifupi ka 400, ndipo udzu wouma umayamba kufuka utsi munthu asadatsirize kumwa kapu ya tiyi. Magalasi otere tili nawo m'nyumba zathu: galasi lometera ndevu kapena lodzikongoletsera limene limakuza nkhope, ndi kambale konyezimira ka m'tochi kapena ka m'nyali ya galimoto.

Njira yolizindikira ndi yapafupi. Tengani supuni yonyezimira mudziyang'ane m'kati mwake; muona nkhope yanu itazondoka. Itembenuzeni mudziyang'ane kumbuyo kwake. Muoneka aang'ono koma oongoka. Galasi lililonse limene limakuza nkhope mukaliyandikira, n'kuizondotsa mukaima patali, lili ngati m'kati mwa supuni ndipo ndi lomwe limayatsa moto. Limene limachepetsa zinthu, monga la m'mbali mwa galimoto kapena mpira wopakidwa siliva, lili ngati kumbuyo kwa supuni; limamwaza kuwala ndipo silitentha kanthu.

Zimenezi sizidadziwike dzulo. Cha m'chaka cha 984, katswiri wa masamu wa ku Baghdad, Ibn Sahl, adalemba buku lofotokoza za magalasi otentha zinthu ndi m'mene angawaumbire kuti kuwala kukumane pamalo amodzi. Pambuyo pake Ibn al-Haytham, amene adabadwira ku Basra cha mu 965 namwalira ku Cairo cha mu 1040, adalemba za magalasi olowa m'kati ndiponso za mpira wagalasi wowonekera umene umatentha chinthu chokhala kuseri kwake. Mpaka lero muuni wa masewera a Olympic amauyatsa ku Olympia m'dziko la Greece ndi galasi looneka ngati mbale, popanda machesi.

Ngakhale amisiri a nyumba zikuluzikulu adagwa nayo nkhaniyi. Mu 2013, mumzinda wa London, nyumba yaitali yosanja ya pa 20 Fenchurch Street, imene khoma lake lagalasi ndi lopindikira m'kati, idasonkhanitsa dzuwa pamsewu mpaka kusungunula mbali zina za galimoto ya mtundu wa Jaguar imene idaima pamenepo. Eni ake adachita kuika zotchinga pakhomalo. Mu 2015 ozimitsa moto a mumzinda womwewo adalengeza kuti pa zaka 5 adathamangira moto 125 woyamba ndi kuwala kwa dzuwa kodzera m'magalasi, m'mabotolo ndi zina zotero. Ngati izi zimachitika ku London, kumene dzuwa ndi lofooka, nanji kuno kwathu kumene kumapeto kwa Okutobala limadutsa paliwombo penipeni!

Pali misampha itatu imene munthu angagwemo akuyesa kuti galasi lake ndi labwinobwino. Woyamba ndi galasi lotsika mtengo lapulasitiki kapena lachitsulo chopyapyala. Pogula limakhala lathyathyathya, koma mukalikhomera pampanda ndi misomali, kapena likatenthedwa miyezi ingapo, limapindika n'kusanduka mbale. Wachiwiri ndi magalasi ambiri oloza malo amodzi. Mu 1747 katswiri wa ku France, Buffon, adapanga chipangizo cha magalasi athyathyathya 168 ndipo adayatsa nacho matabwa pa mtunda wa mamita oposa 40. Magalasi awiri kapena atatu sangachite zimenezo, koma tizidutswa tambirimbiri tomatidwa m'kati mwa beseni kapena m'mbale yakale ya setilaiti tingathe. Wachitatu ndi zinthu zoonekera zobulungira: mpira wagalasi, botolo loyera lodzaza madzi, ndi mandala owerengera a agogo. Izi sizibweza kuwala, zimakulola kudutsa n'kukusonkhanitsa kuseri kwake. Botolo la madzi losiyidwa pamphasa, pa mulu wa udzu wofolerera kapena pampando wa galimoto masana si chinthu chochinyozera.

Tsono tinene chilungamo, tisanamizire galasi milandu yonse. Tchire likapsa kawirikawiri timamva anthu akuti, "Mwina ndi botolo losweka." Akatswiri a ku Germany adayesa zimenezi, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2009. Adaika zidutswa za mabotolo padzuwa pamwamba pa masamba ndi udzu wouma, koma moto sudayake. Chidutswa chosweka sichisonkhanitsa bwino kuwala, ndipo dzuwa likamayenda kadontho kotenthako kamasuntha. Dzuwa lathu ndi laukali kuposa la ku Germany, choncho mabotolo osweka tiziwatolabe, pakuti amachekanso ana ndi ziweto. Koma moto umene umasakaza nkhalango zathu chaka ndi chaka, ku Chongoni, ku Zomba ngakhale ku Chikangawa, umachokera m'manja mwa anthu: kutentha tchire posaka mbewa ndi nyama, kutentha mapesi pososa, kufula njuchi, kuotcha makala, chotsalira cha fodya, ndi ena ongoyatsa dala chifukwa cha mkangano. Kwathu kunyanja tionjezepo moto wowambira nsomba wosiyidwa usiku pafupi ndi zisakasa. Lamulo la nkhalango la 1997, limene adalikhwimitsa mu 2020, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango ya boma popanda chilolezo.

Nanga tichite chiyani pakhomo? Choyamba, yesani galasi lililonse monga tafotokozera za supuni musadalipachike panja, ndipo lokuza nkhope likhale m'nyumba, kutali ndi zenera, kapena livindikiridwe ndi nsalu. Chachiwiri, galasi lokongoletsa likhale pamthunzi, pansi pa khonde kapena pa mtengo. Musadalire kuti lero silikuombedwa, popeza mu Juni dzuwa limadzera chakumpoto pamene mu Disembala limadzera chakumwera, ndipo la m'mawa ndi la madzulo limalowa pansi pa khonde. Chachitatu, tsiku lina lopanda mitambo tsatirani kuwala kwa galasilo m'mawa, masana ndi madzulo, muone kumene kukugwera. Mukapeza kadontho kakang'ono kowala kwambiri, ikanipo pepala, osati dzanja kapena diso. Pepalalo likayamba kuda, galasilo lichoke tsiku lomwelo. Kukagwera padenga laudzu, pankhokwe, pathandala la usipa, pa ukonde kapena pachigubu cha petulo wa injini ya boti, lisunthireni kwina ngakhale likhale lathyathyathya.

Chachinayi, ndipo ichi chiposa zonse, lambulani. Akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala tchire. Ku Chongoni ogwira ntchito za nkhalango amalambula njira zotchinga moto chilimwe chisadafike, ndipo nzeru yomweyo ndi yofunika pakhomo. Udzu wofolerera, nkhuni ndi mapesi zikhale patali ndi nyumba, bwalo likhale losesa, ndipo ndowa ya madzi kapena ya mchenga ikhale pamalo odziwika kwa aliyense.

Pomaliza, mawu kwa inu makolo. Mwana akaphunzira kusukulu kuti galasi lokuza zinthu limatentha pepala, amafuna kukayesa yekha, ndipo malo amene amasankha ndi obisika, kuseri kwa nkhokwe kapena kwa mpanda. Kumuletsa ndi ukali kumangomutumiza kobisika komweko. Ndi bwino kukhala naye pamchenga poyera, ndowa ya madzi ili pambali, aone ndi maso ake m'mene kadontho kamafukira utsi, ndipo mumuuze kuti asaloze kuwalako m'maso mwa mnzake kapena kuyang'ana dzuwa kudzera m'galasi. Mwana amene waona zimenezi ndiye adzayamba kuchotsa botolo la madzi pa mulu wa udzu inu musadamutume.

Kongoletsani makomo anu, abale ndi alongo, maluwa ndi magalasi si zoipa. Ingosankhani galasi loyenera, liikeni pamthunzi, ndipo musese pozungulira pake chilimwe chino.