Matope a kudimba alibe mlandu, koma samalani zidendene

Tsiku lina sabata yathayi ndinaima pa Biriwiri kudikira galimoto, ndipo pambali panga panali bambo ena achikulire amene anali atangotsitsa matumba awiri a kachewere pa njinga. Miyendo yawo inali bii ndi matope mpaka m'maondo, kusonyeza kuti anachoka kudimba osadzera kunyumba. Atafuna kukhala pa benchi ya pachiwaya, mnyamata wina wa nsapato zoyera anasendera uko nkunena kuti, "Madala, mutidetsa." Apo nkuti mnyamatayo ali ndi mbale ya chipisi m'manja, akudya monyambita zala. Bambo aja sanayankhe. Anangoseka pang'ono nkukakhala pa thumba lawo.

Ndinafuna kumufunsa mnyamatayo ngati chipisi ankadyacho chinamera pa simenti, koma galimoto inafika mawu akadali kukhosi. Ndiye ndati funsolo ndilibweretse pa tsamba lino, poti anyamata a nsapato zoyera alipo ambiri masiku ano, ndipo ena mwa iwo ndi ana athu omwe amene tinawalipirira sukulu ndi ndalama za kachewere yemweyo.

Abale anga, ine matope a kudimba ndimawakonda ndipo sindichita nazo manyazi. Miyezi ino ya Juni ndi Julayi kuno kumapiri a Tsangano kumazizira moti ngakhale tambala amalira mozengereza. Umadzuka m'mamawa nkhungu itaphimba dambo lonse, ndipo ukaponda mu ngalande koyamba madzi amabaya ngati singano. Koma ukatunga makeni angapo thupi limatentha, juzi umalivula nkulipachika pa mtengo wa pichesi, ndipo matope aja amayamba kutuluka pakati pa zala za kumapazi ali ofewa ngati phala la mwana. Fungo la dothi lothiriridwa kumene, losakanikirana ndi manyowa a m'khola, limakulowa mpaka m'chifuwa. Nanga tsiku lokumba! Ukazula tsinde limodzi nkupisa dzanja pansi, mbatata zili mbwee, zina zazikulu ngati chibakera, pamenepo ndani amakumbuka zoti zikhadabo zada? Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo ife a kumadimba matopewo timachita kuwaitana tokha ndi keni, mvula kulibe.

Amene anabadwa nkhondo itatha mwina sangamvetse chifukwa chake ena a ife timalankhula za dothi ngati tikunena za m'bale. M'zaka za m'ma 1980 ambiri tinathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo pofika 1992 anthu a ku Mozambique amene ankakhala ku Malawi anali atapitirira miliyoni imodzi. Bambo anga, mlimi amene ankadzaza nkhokwe ziwiri, ankaima pa mzere ndi khadi m'manja kudikira ufa wa chithandizo. Khasu ankaligwira pokhapokha akapeza ganyu m'munda wa eni. Masiku ambiri manja awo anali oyera, ndipo sindinawaonepo osauka nkhope ngati nthawi imeneyo. Mapiri a kwathu ankaoneka tsidya la msewu, koma kunali kosapondeka.

Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, ambiri m'zaka za 1993 ndi 1994. Ngakhale pamenepo khasu linkalowa pansi mwamantha chifukwa cha mabomba okwirira, amene boma linadzalengeza kuti latha kuwachotsa m'chaka cha 2015. Tsiku limene tinatsegulanso dimba lathu lakale, mayi anga anabwera kunyumba madzulo matope ali mpaka m'zigongono ndi pa mpango pomwe, akuimba. Palibe anawauza kuti atidetsa.

Komabe pali china chimene ndinaona pa bambo a pa Biriwiri aja chimene mnyamata uja sanachione, poti iye ankangoyang'ana matope. Zidendene zawo zinali ndi zikang'a zakuya zoti ungabisemo ndalama yachitsulo, ndipo chimodzi chinkatuluka magazi. Potsitsa matumba ankaponda ndi zala zokha. Matope amachoka ndi madzi tsiku lomwelo, koma zikang'a zotere munthu amagona nazo, amadzuka nazo, nkupita nazonso kudimba mawa lake.

Zikang'a zimabwera chifukwa phazi limanyowa m'mawa, nkuuma masana ndi mphepo yozizira ya mwera, nkunyowanso madzulo. Dothi la makande likamauma pa khungu limayamwa mafuta a thupi, monga momwe limang'ambikira lokha padzuwa. Khungu la chidendene limakhuthala, limauma gwa, ndipo ukasenza katundu wolemera limang'aluka. Tsono khungu ndilo mpanda wa thupi. Mpanda ukagumuka, mbuzi sizichita kupempha kuti zilowe.

Malume anga ena anadzitema ndi khasu pa chala chachikulu chaka china, nthawi ngati ino. Iwo, monga amachitira amuna ambiri, anatapa dothi nkuthira pa balapo kuti magazi aleke, anamanga ndi kachiguduli nkupitiriza kulima. Patapita masiku anayi phazi linatupa ngati dzungu. Anagona masabata atatu, ndipo kachewere amene anali atangoyamba maluwa anauma chifukwa panalibe wothirira. Ndalama ya feteleza ya chaka chimenecho inathera pomwepo. Ku chipatala anawauza kuti anachita mwayi, chifukwa m'dothi ndi m'manyowa ndimo mumakhala tizilombo ta kafumbata, nthenda youmitsa nsagwada ndi msana imene imapha ambiri mwa amene yawagwira. Timalowera pa bala, makamaka lakuya ngati la msomali, la minga kapena la khasu. Katemera wake alipo, ndi yemwe uja amabaya amayi apakati ndi ana ku sikelo, koma abambo ambiri sadziwa ngati anabayitsapo. Mukadzitema kwambiri, tsukani balalo ndi madzi oyera ambiri ndi sopo, mangani ndi nsalu yochapa, ndipo pitani akakuoneni tsiku lomwelo. Dothi ndi ndowe pa bala ayi, ngakhale agogo ankatero.

Palinso alendo ena olowera ku mapazi. Njoka zina za m'mimba, zimene zimayamwa magazi mpaka munthu kuyera m'maso ndi kufooka, zimaswa m'dothi lonyowa pamene anthu amadzithandizirapo, ndipo tiana take timaboola khungu la phazi. Pepani pondilankhulitsa, koma amene mumakhala kuseri kwa nthochi za kudimba m'malo mokumba kachimbudzi kumtunda, ndinu mukuipitsa matope abwinowa. Likodzo nalo limachokera ku nkhono za m'madzi odekha, ndipo limalowa pa khungu munthu ataima m'madzimo. Mwana akamakodza magazi, musati wakula. Mankhwala ake ali ku chipatala.

Wina anena kuti nanga iwe wayamba ndi kutamanda matope a pakati pa zala, tsopano ukutiopseza? Inde, zonse ziwiri nzoona, ndipo ine sindinganame kuti ndimavala majombo tsiku lonse. M'mizere ya kabichi ndimayenda chopanda nsapato chifukwa phazi limandiuza pamene madzi akwana ndi pamene sanafike. Koma ndikakhala ndi bala, kapena ndikamatunga m'chitsime cha madzi osayenda, majombo ndimavala. Amene mumati ndi odula, yerekezani mtengo wake ndi dimba lonse la malume anga lija.

Tsono nayi mbali imene ndimaikonda mofanana ndi kulima kwenikweniko, ndiyo ya madzulo. Mufunditse madzi, asatenthe kwambiri, muthire m'beseni ndi kasopo pang'ono, nkuviikamo mapazi kwa nthawi yokwana kumvera nkhani za pa wailesi. Khungu likafewa, kwechani zidendene pa mwala pang'onopang'ono, lero pang'ono mawa pang'ono. Osadula ndi lezala, chifukwa ambiri amapitirira nkufika pa mnofu. Pukutani bwino pakati pa zala, poti pakakhala chinyezi pamayera ndi kuyabwa. Ndipo mafuta dzolani khungu likadali lofewa ndi madzi, osadikira kuti liume mbuu, chifukwa ntchito ya mafuta ndi kutsekera chinyezicho m'kati. Vaseline amagwira bwino ntchito. Girisilini naye ndi wabwino mukamusakaniza ndi madzi pang'ono. Amene zikang'a zakula, pakani mafuta ambiri usiku nkuvala sokosi, muone pakatha sabata. Manja nawo chimodzimodzi, ndipo zikhadabo wengani zikhale zazifupi, chifukwa dothi la m'zikhadabo ndilo limatsikira mu nsima.

Agogo anga aakazi sankadziwa mafuta a m'botolo. Ankatola nsatsi kuseri kwa khola, nkuzikazinga, kuzisinja, kuziwiritsa m'madzi, kenaka nkuyengula mafuta oyandama pamwamba ndi kuwasunga mu nsupa. Analima mpaka ukalamba wawo, koma mapazi awo anali osalala kuposa a atsikana ambiri a lero. Nsatsi zikadameraponso m'mabwinja ndi m'mbali mwa makola athu, kungoti oyenga ndiwo atha. Amene mungayese, sungani njerezo patali ndi ana, chifukwa kuzitafuna ndi poizoni. Chimene sindigwirizana nacho ndi oilo wakuda wa m'galimoto amene ena amapaka m'zikang'a. Ameneyo ndi wa injini.

Abambo anzanga, nkhaniyi ikukhudza ife kwambiri. Ambiri timati mafuta ndi a akazi, mwamuna weniweni azikhala wotuwa. Chonsecho khasu timalinola, ng'ombe timazichotsa nkhupakupa, tcheni cha njinga timachithira oilo sabata ndi sabata. Phazi lopalasa njingayo ndilo tiziliona ngati lachabe? Ndipo funsani amayi kunyumbako za zofunda zimene zidendene zathu zang'amba.

Kwa abale a ku Macanga, a ku Furancungo ndi Chidzolomondo kumene fodya ndiye ndalama, pali litsiro lina limene silifanana ndi matope. Fodya wamuwisi akanyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chake chimalowa pa khungu la wothyola. Munthu amamva chizungulire, mutu, nseru mpaka kusanza, ndipo ambiri amayesa malungo kapena kulodzedwa. Ana ndiwo amagwidwa msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono, choncho m'munda wa fodya wonyowa asalowemo. Nyengo yothyola ikadzafika, dikirani mame akamuke ngati nkotheka, valani malaya a manja aatali, ndipo akanyowa vulani, sambani ndi sopo, valani ena.

Chimodzimodzi mankhwala opopera. Ife a kachewere ndi tomato timadalira Dithane ndi anzake polimbana ndi chiwawu, koma ndaonapo anthu akuvundula mankhwalawo mu ndowa ndi dzanja, ena akupopera mphepo ikuwabwezera kumaso, pampu ikudonthera pamsana. Vundulani ndi mtengo. Mukamaliza sambani thupi lonse musanagwire chakudya kapena mwana, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha.

Atsikana nawo ndiwanene pang'ono, poti ena amva "kusamala khungu" nkuganiza za timabotolo toyeretsa tija timagulitsidwa m'misika ya mbali zonse ziwiri za malire. Kumeneko sikusamala. Ambiri mwa mafuta amenewo amapyapyalitsa khungu, ndipo mwini wake akapita kumunda dzuwa limamuwotcha masaya nkusiya zipsera zakuda zosachoka. Dziko la South Africa linaletsa mankhwala otchedwa hydroquinone m'mafuta odzola kale mu 1990 litaona nkhope zambiri zitaonongeka. Mtsikana wolima dimba amene wasamba nkudzola mafuta wamba amawala mokwanira, ndipo Lamulungu kutchalitchi timawaona.

Bambo a pa Biriwiri aja sindikuwadziwa dzina, koma njinga yawo ndingaizindikire, ili ndi chishalo chomanga ndi mphira. Ndagula kabotolo ka Vaseline ndipo kali m'thumba la jekete, kudikira tsiku limene ndidzawapezenso akutsitsa matumba. Chimene chikundivuta mpaka lero ndi poyambira nkhaniyo, chifukwa munthu wamkulu sumangomufikira nkumuuza kuti bambo, ndaona zidendene zanu. Mwina ndidzayamba ndi kufunsa mtengo wa kachewere.